Chikho cha 2019 Toronto sinachitole pansi

Pali mkangano wina pakati pa ife okonda basketball umene sukutha. Umagona miyezi ingapo, koma ikangofika June, ligi ya ku America ya NBA ili mu fayinolo (mmene timu yoyamba kupambana magemu anayi imatenga chikho), wina amaudzutsa: akuti Toronto Raptors inatenga chikho cha 2019 chifukwa Golden State Warriors inali itasanduka chipatala. Akuti Kevin Durant ndi Klay Thompson akanakhala bwinobwino, Toronto sikanachinunkha n'komwe. Onena zimenezi si anthu osadziwa mpira ayi. Ambiri ndi anzanga amene ankadzuka 3 koloko m'bandakucha, kunja kukuzizira, kuti aonere magemu amene kumeneko amayamba 9 koloko usiku. Anaona zomwe ndinaona ine, koma timasiyana pozimasulira.

Zoti Warriors inavulala palibe angatsutse. Durant anavulala katumba wa mwendo wamanja pa 8 May, mu gemu yachisanu yolimbana ndi Houston Rockets, ndipo anakhala kunja mwezi wathunthu. DeMarcus Cousins anang'ambika mnofu wa pantchafu mu April akusewera ndi Los Angeles Clippers, ndipo pobwerera mu fayinolo miyendo inali yolemera. Kevon Looney anavulala pachifuwa mu gemu yachiwiri, yachitatu sanasewere, ndipo magemu otsalawo ankasewera nkhope ili tsinyetsinye ndi ululu. Thompson anakoka mnofu wa kuseri kwa ntchafu mu gemu yomweyo ndipo yachitatu anaionera pa benchi. Kenako kunabwera ziwiri zazikulu zija, mtsempha wa kuchidendene wa Durant ndi bondo la Thompson. Ndivomerenso china: Durant akanakhala wathanzi kuyambira gemu yoyamba, ine ndikanaika mtima wanga pa Warriors. Komabe ndimakana kuti chikho cha Toronto n'choperewera.

Choyamba, amene amaimba nyimbo imeneyi ambiri ndi masapota a Warriors, ndipo amaiwala msanga njira imene timu yawo inadutsa. Mu 2015, chikho chawo choyamba m'zaka 40, anakumana ndi Cleveland yopanda Kevin Love, amene anaguluka phewa akusewera ndi Boston, ndipo Kyrie Irving anathyoka fupa la pabondo mu gemu yoyamba ya fayinolo. LeBron James anatsala akukoka timu yekha, koma anawatsogolabe 2-1 mpaka kochi wa Warriors Steve Kerr atachotsa Andrew Bogut n'kuyambitsa Andre Iguodala. Mu 2018 Houston inawatsogola 3-2, Chris Paul n'kukoka mnofu wa ntchafu kumapeto kwa gemu yachisanu, ndipo mu gemu yachisanu ndi chiwiri Rockets inaphonya mipira 27 ya mapointi atatu motsatizana. Koma imene imandikhudza kwambiri ndi ya 2017, chifukwa muli munthu yemweyu amene anadzawagwetsa patapita zaka ziwiri. San Antonio Spurs inali patsogolo ndi mapointi 23 mu kota yachitatu, pabwalo la Warriors, pamene Kawhi Leonard anadumpha kuponya mpira n'kutera pa phazi la Zaza Pachulia. Kakolo anapindika, munthu anatuluka, Warriors inagoletsa mapointi 18 osayankhidwa n'kupambana 113-111. Leonard sanaseweranso, ndipo Spurs inagonja magemu onse anayi.

Sindikutchula izi kuti ndinyoze zikho za Golden State. Zonse zitatu anazigwirira ntchito, ndipo timu ya 2017 ija ndi imodzi mwa zoopsa kwambiri zimene ndinazionapo. Ndikungoti muyezo ukhale umodzi. Tikayamba kuchotsera chikho chilichonse chimene mdani wake anali ndi wovulala, titsala ndi zochepa kwambiri. Ngakhale Detroit Pistons ya 1989 inasesa Lakers yopanda Byron Scott, Magic Johnson nayenso atavulala ntchafu pakati pa fayinolo, koma palibe amene lero amati Isiah Thomas ndi Joe Dumars anapatsidwa mphatso.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani kwa ine, anthu amalankhula za kuvulala ngati mphezi imene imangogwa pamene yafuna. Mbali ina n'zoona, phazi la mnzako likakhala pamene ukutera palibe chimene ungachite. Koma mbali yaikulu ya kufika mu June uli ndi osewera athanzi imakonzedwa kuyambira October, ndipo Toronto inaikonza poyera, anthu akuinyoza.

Tikumbutsane mmene timuyi inamangidwira. Mu sizoni ya 2017-18 Raptors inapambana magemu 59, kuposa timu ina iliyonse ya kum'mawa, koma LeBron anaisesa 4-0. Masai Ujiri, mkulu wa timuyi nthawi imeneyo, amene anakulira ku Zaria ku Nigeria, anachotsa ntchito kochi Dwane Casey, munthu amene chaka chomwecho anasankhidwa kukhala kochi wopambana mu ligi yonse. M'malo mwake anakweza Nick Nurse, yemwe anali wothandizira, ndipo anali atathera zaka zambiri akuphunzitsa timu za ku Britain ndi za mu ligi yaing'ono ya ku America. Mu July 2018 Ujiri anatumiza DeMar DeRozan ku San Antonio, mwana wokondedwa wa mzinda wonse, posinthana ndi Leonard ndi Danny Green. Leonard ameneyo anali atangosewera magemu 9 okha sizoni yathayo chifukwa cha vuto la ntchafu, anali atasemphana ndi Spurs pa nkhani ya kuvulala komweko, ndipo kontirakiti yake inatsala ndi chaka chimodzi. Aliyense ankadziwa kuti mtima wake uli ku Los Angeles. Ujiri anabetcha zonse pa munthu wa mwendo wokayikitsa amene mwina sakhalitsa.

Atabetcha choncho, anateteza chimene anabetchera. Pa magemu 82 a sizoni, Leonard anasewera 60. Timu ikakhala ndi magemu masiku awiri otsatizana, imodzi ankapuma. Amene ankayang'anira ndondomekoyi anali Alex McKechnie, katswiri wa matupi a osewera wochokera ku Scotland. Anamusunga ngati chimanga cha mbewu, chimene sudya ngakhale njala itavuta chifukwa ukudziwa kuti mvula ikubwera. Masapota ambiri, pamodzi ndi akuluakulu amene anasewera kalekale, ankati uwu ndi ulesi, Michael Jordan sankapuma. Koma magemu 22 amene Leonard anakhala pansi anachita zinthu ziwiri. Anapumitsa mwendo, komanso anakakamiza enawo kuphunzira kupambana popanda iye, ndipo anapambana 17 mwa magemu amenewo. Pascal Siakam, mnyamata wa ku Douala ku Cameroon amene anayamba basketball mochedwa, anakulira m'magemu amenewa mpaka kutenga mphoto ya wosewera amene wapita patsogolo kwambiri chaka chimenecho.

Itafika nthawi ya ma playoff, magemu ochotsana olimbirana chikho, Leonard anasewera magemu onse 24 ndipo anagoletsa mapointi 732. Musaganize kuti anali wopanda ululu. Aliyense amene anaonera gemu yachitatu yolimbana ndi Milwaukee Bucks akukumbukira mmene ankatsimphinira pobwerera kukatchinga, koma anasewera mphindi 52 mu gemu imene inawonjezeredwa nthawi kawiri, akugoletsa komanso akulondera Giannis Antetokounmpo. Toronto inali kumbuyo 2-0, ndipo kusintha kumeneko, kumupatsa Leonard ntchito ya Giannis uku Marc Gasol ndi Siakam akutseka njira ya kudengu, kunabweretsa magemu anayi otsatizana. Asanafike apo anali atadutsa Philadelphia ndi mpira uja wa pa 12 May, umene unadumpha kanayi pamlomo wa dengu bwalo lonse litagwira mpweya. Kyle Lowry ankasewera ndi chala chamanthu chovulala chimene anakachita nacho opaleshoni sizoni itatha. OG Anunoby sanasewere n'kamodzi komwe chifukwa anachitidwa opaleshoni ma playoff atatsala pang'ono kuyamba. Nawonso anali ndi mabala awo, kungoti timu inamangidwa moti bala limodzi lisaigwetse. Pa timu yonseyo panalibe ngakhale mmodzi amene anasankhidwa m'gulu la 14 oyambirira pa draft, pamene matimu amasankha osewera atsopano chaka chilichonse. Leonard anali wa nambala 15, Siakam wa 27, Gasol wa 48, ndipo Fred VanVleet sanasankhidwe n'komwe.

Warriors inasankha njira ina, ndipo sindiinena kuti inalakwitsa, chifukwa njirayo inawapatsa zikho. Ndalama zambiri zinapita kwa Stephen Curry, Durant, Thompson ndi Draymond Green, kotero benchi inatsala ya okalamba ndi otchipa. Iguodala anali ndi zaka 35, Shaun Livingston anali m'chaka chake chomaliza, ndipo mu March anachita kukamutenga Bogut ku Sydney komwe ankasewera mu ligi ya kwawo. Kuwonjezera apo, 2019 inali fayinolo yawo yachisanu motsatizana. Mukawonkhetsa magemu a ma playoff a zaka zisanu zimenezo akukwana 105, kuposa sizoni yathunthu, ndipo ndi magemu olimba kwambiri amene munthu sapuma. Ukamanga timu pa anthu anayi, ukuvomereza kuti mmodzi akagwa pasowa womulowa m'malo. Ameneyo ndi mtengo wa njirayo, ndipo mu 2019 ngongole inafika.

Anzanga amakonda kutchula difensi imene Nurse anagwiritsa ntchito mu gemu yachiwiri monga umboni wawo. Thompson atatuluka mu kota yomaliza, Nurse anaimika osewera anayi m'makona anayi kuzungulira dengu, aliyense akulondera dera lake, ndipo VanVleet anapatsidwa ntchito imodzi yokha, kumamatira Curry paliponse pamene akupita. Imeneyi amaitcha box-and-one, ndipo kawirikawiri imaoneka m'masewero a ana a sukulu. Warriors inakhala mphindi zoposa zisanu osagoletsa, mpaka Iguodala anaipulumutsa ndi mpira wa mapointi atatu kutatsala masekondi ochepa. Akuti ndani angayerekeze kuchita zimenezo Durant ali m'bwalo? Palibe, n'zoona. Koma kochi amakonzera timu imene yaima patsogolo pake tsiku limenelo. Makochi ena anakumana ndi Warriors yomweyi yopanda Durant ndipo sanapeze yankho. Houston inagonja gemu yachisanu ndi chimodzi pakhomo pake, Curry atagoletsa mapointi 33 m'chigawo chachiwiri chokha. Portland inatsogola ndi mapointi 17 kapena kuposa m'magemu atatu otsatizana koma inagonja onse, n'kusesedwa 4-0. Ndikukumbukira bwino kuti fayinolo isanayambe, nkhani imene inali m'kamwa mwa anthu inali yakuti Warriors ikusewera mpira wokoma kwambiri popanda Durant, mpira ukuyenda, aliyense akuukhudza. Anthu omwewo anasintha nyimbo Toronto itatsogola 3-1.

Ndipo tiyang'ane mmene 3-1 imeneyo inabwerera. Gemu yoyamba Curry, Thompson ndi Draymond Green onse analipo athanzi, Toronto inapambana 118-109, Siakam atalowetsa mipira 14 mwa 17 n'kupeza mapointi 32, nthawi zambiri akulimbana ndi Green yemwe ndi mmodzi mwa otchinga abwino kwambiri a m'badwo uno. Gemu yachitatu yokha ndi imene ndingaivomereze kuti inali yosalingana, Curry anagoletsa 47 koma analibe womuthandiza. Yachinayi Thompson anabwerera n'kugoletsa 28, koma Leonard anapeza 36, Serge Ibaka anachokera pa benchi n'kuwonjezera 20, ndipo Toronto inapambana 105-92. Magemu onse atatu a ku Oakland, pabwalo la Warriors la Oracle Arena, Toronto inawatenga. Kupambana katatu pa Oracle Arena sikuchitika mwangozi.

Tsopano ndifike pa usiku wa pa 10 June, chifukwa mkangano umene tiyenera kumakhala nawo uli pamenepa. Durant anabwerera timu yake ili pakamwa pa dzenje. Mphindi 12 zimene anasewera zinali zoopsa kwa sapota aliyense wa Toronto, mapointi 11, mipira itatu ya mapointi atatu yonse kulowa. Kumayambiriro kwa kota yachiwiri anatenga mpira kumbali ya kumanja, Ibaka ali patsogolo pake. Anafuna kumudutsa, anakankha pansi ndi phazi lamanja, ndipo pomwepo mpira unamuthawa. Anadumphira mwendo umodzi kawiri katatu n'kukhala pansi m'mbali mwa bwalo, dzanja likutsina kumbuyo kwa mwendo, pamwamba pang'ono pa chidendene, osati pa katumba pamene tonse tinauzidwa kuti ndi pamene pali vuto. Anthu ena m'bwalo la Toronto anayamba kukuwa mosangalala, ena akumubayibitsa. Lowry ndi Ibaka anatembenukira kwa masapota awo omwe akutsitsa manja kuti akhale chete, ndipo phokoso lija linasanduka kuwomba m'manja pamene Iguodala ankamugwiriza potuluka, Curry akutsatira kumbuyo. Warriors inapambana gemuyo 106-105, Nurse atapempha kupuma timu yake ili patsogolo ndi mapointi 6, chinthu chimene mpaka lero ndimati chinaziziritsa osewera ake. Itatha gemu, Bob Myers, amene anali mkulu woona za osewera ku Warriors, anaima pamaso pa atolankhani akulira, nati ngati pali wofunika kudzudzulidwa akhale iye.

Kerr anafotokoza pambuyo pake kuti ankaganiza kuti choipa chimene chikanachitika n'kuvulalanso katumba yemweyo, ndipo Durant mwini wake ananena kuti palibe anamukakamiza. Ndimawakhulupirira onse awiri. Koma mwezi wonse umenewo ife oonera tinkanena chiyani? Tinkafunsa ngati Durant akufunadi kusewera, ngati sakudzisungira timu imene akupitako, ngati ali ndi mtima. Wosewera amamva zimenezi. Tinkanyoza Leonard chifukwa chopuma ali wokhoza kuyenda, tinkakayikira Durant chifukwa chosabwerera msanga, ndipo atabwerera n'kuduka mtsempha tinatembenuka kufunsa kuti madokotala anali kuti. Durant anataya sizoni yonse yotsatira.

Patapita masiku atatu, mu gemu yomaliza kuseweredwa pa Oracle Arena, Thompson anali pa moto. Kutatsala mphindi ziwiri ndi masekondi pang'ono kuti kota yachitatu ithe, anathamanga yekha kukaika mpira m'dengu, Danny Green anadumpha kumutchinga, ndipo anatera moipa pa mwendo wamanzere. Anamugwiriza kulowera m'kanjira ka kuchipinda chosinthira zovala. Ali m'menemo anauzidwa lamulo lakuti wina akamuponyera ma free throw ake, mipira iwiri imene anapatsidwa kuponya popanda womutchinga chifukwa cha kulakwiridwako, ndiye kuti saloledwanso kubwerera mu gemu. Anatembenuka, anatulukira yekha akutsimphina, bwalo lonse linaphulika, ndipo analowetsa onse awiri n'kufikitsa mapointi 30, mtsempha wa m'bondo uli woduka. Aliyense amene amakonda masewerowa chithunzi chimenecho chimamugwira mtima, ndipo ine chimandigwira. Koma tizikumbukiranso kuti munthuyo sanaseweranso gemu ya NBA mpaka January 2022, chifukwa ali pafupi kuchira bondo anadukanso mtsempha wa kuchidendene. Toronto inamaliza ntchito 114-110. Lowry ndiye anagoletsa mapointi 11 oyambirira a timu yake, VanVleet anapeza 12 mu kota yomaliza yokha, ndipo Curry anali ndi mpata wa mpira wopambanira kutatsala masekondi ochepa koma unamenya chitsulo.

Mu 2025 tinaoneranso zomwezi, mochita kupweteka mtima. Tyrese Haliburton wa Indiana Pacers anavulala katumba mu gemu yachisanu ya fayinolo yolimbana ndi Oklahoma City Thunder. Anasewera yachisanu ndi chimodzi, timu yake inapambana. Pa 22 June, mu gemu yachisanu ndi chiwiri, analowetsa mipira itatu ya mapointi atatu mu kota yoyamba, kenako anakankha pansi pofuna kudutsa munthu n'kugwa chafufumimba akumenya pansi ndi dzanja, mtsempha wa kuchidendene utaduka. Siakam yemwe uja anali pomwepo, ulendo uno ali mbali ya timu yotaya munthu wake. Pacers inalimbabe mpaka kutsogola 48-47 popita kokapuma, koma inagonja 103-91. Kusanache anthu anali atayamba kale kunena kuti chikho cha Thunder n'chamwayi, timu imene inapambana magemu 68 sizoni imeneyo ndipo inali ndi osewera odalirika mpaka kumapeto kwa benchi. M'ma playoff omwewo Damian Lillard ndi Jayson Tatum nawonso anaduka mtsempha womwewu.

Chimene chimandivuta n'chakuti ligi inayankha nkhani ya kupumitsa osewera poyang'ana mbali imodzi. Kuyambira sizoni ya 2023-24, wosewera ayenera kusewera magemu osachepera 65 kuti aganiziridwe pa mphoto zikuluzikulu monga MVP, ya wosewera wopambana onse, ndi All-NBA, gulu la osewera osankhidwa kuti achita bwino kwambiri pa sizoni. Leonard wa 2019, ndi magemu ake 60, sakanakwanira. Ndipo popeza makontirakiti ena amakwera ndi mamiliyoni ambiri munthu akalowa mu All-NBA, lamuloli limakankhira wovulala kubwerera asanachire. Haliburton yemweyo anadandaula poyera za lamuloli mu 2024, pamene ankasewera ndi ntchafu yosachira bwino kuti akwanitse chiwerengerocho. Ndimamumvetsa bambo amene wasunga ndalama miyezi ingapo kuti akaonetse mwana wake katswiri, n'kukapeza katswiriyo wavala malaya wamba pa benchi. Nanenso zimandiwawa kudzuka pakati pa usiku n'kupeza amene ndamudzukira sakusewera. Koma mpira wa lero suli ngati wa zaka za m'ma 1990. Matimu akuponya mipira ya kutali yochuluka kwambiri, kotero wotchinga amathamanga kuchoka pansi pa dengu kukafika ku mzere wa mapointi atatu n'kuima mwadzidzidzi kambirimbiri pa gemu imodzi, ndipo kuima ndi kunyamuka kotereku ndi kumene kumadya katumba ndi chidendene.

Ine ndikanakonda magemu a sizoni achepetsedwe, ndipo kusewera masiku awiri otsatizana kuthetsedwe. Kerr nayenso wakhala akunena kuti 82 ndi ochuluka. Cholepheretsa n'chodziwika. Gemu iliyonse ndi ndalama za pakhomo ndi za wailesi ya kanema, ndipo mu 2024 NBA inasainira mgwirizano wa zaka 11 woonetsa magemu, wa ndalama zoposa madola 70 biliyoni. Osewera amagawana ndalama za ligi ndi eni matimu pafupifupi theka ndi theka, choncho kuchepetsa magemu n'kuchepetsanso malipiro awo, ndipo mpaka pano palibe mbali imene yavomera kutaya gawo lake.